Kuseri kwa Zikhatho

Ndili ndi zaka zinayi, kwathu ku Domwe,
ndinanyambita shuga wa alendo
amene mayi ankabisa m'chitini cha mkaka.
Nditamva mapazi ndinaphimba nkhope ndi zikhatho.
Kwa ine kunada, ndiye kuti kwadera onse;
ngati ine sindikuona, angandione ndani?
Mayi anaseka mpaka kukhala pansi,
chibwano changa chili mbuu.

Zitadutsa mvula zitatu ndinatulukira kanthu:
zili m'mutu mwanga, m'mutu mwa mayi mulibe.
Pa kampata kameneko ndinalowetsapo bodza.
Ndinati waswa mbale ndi Zefirinu.
Zefirinu analirira kuseri kwa khola
ine ndikudya mbatata yake ndi yanga,
koma pakhosi inkadutsa ngati mwala.
Mwalawo sindinkaudziwa dzina.

Kusukulu tinkagawana nzimbe powerenga mfundo.
Chilungamo chinali masamu: zitatu iwe, zitatu ine.
Sindinadzifunse chifukwa chake Anastazia
ankadya ziwiri zokha,
yachitatu nkuibisa m'thumba popita kwawo.

Ndevu zitamera ndinakhala pamsika wa Ulongwe
ndi ndowa ya kachewere
yomwe ndinaitibula kunsi kuti izidzaza msanga.
Ndinkati ndani satero?
Wanyemba ali ndi mbale ziwiri,
wamakala amayala miyala pansi pa thumba.
Lachisanu lina, mayi wina, mwana kumbuyo,
anabwerera kuchoka pasiteji,
shapa ya ku Tsangano ikumusiya akuona,
nkundiika m'manja metikashi makumi awiri.
"Mwandibwezera chenji chambiri, achimwene."
Maso ake anatsikira pandowa,
anaona pamene ndinatibula.
Sananene kanthu.

Usiku womwewo ndinaiwongola ndi mpini wa khasu.
Panalibe wapolisi, panalibe wansembe.
Kungoti ndinali nditabwereka maso a mayi uja
ndipo anakana kuchoka pankhope panga.

Lero imvi zayamba kundiyendera.
Bambo, a Fulujensio,
omwe anandithyolera kamtengo ka pichesi
nkhani ya mbale itaululika,
dzina langa linawathawa.
Amandiitana kuti Zefirinu,
amene tinamuika kale ku Moatize.
Ndimavomera. Ndili naye ngongole.

Dzulo ndinawapeza m'khitchini,
dzanja lili m'chitini cha shuga
yemwe kuchipatala anawaletsa.
Atamva mapazi anaphimba nkhope ndi zikhatho,
zala zikunjenjemera,
mitsempha ili ngati mizu ya pamsewu wokokoloka.

Ndinaima pakhomo.
Mawu a adokotala anali kale pa lilime.
Ndinawameza.
Ndinafunsa khoma, mokweza:
"Kodi bambo alowera kuti?
Muno mulibe munthu."
Potuluka ndinaponda mwamphamvu
kuti amve kuti ndapita.
Kuseri kwa zikhathozo kunatuluka kaphwete.

Pakhonde, Luwiza, wa zaka zisanu ndi ziwiri,
anali ataona zonse.
"Ababa, mwanama."
Ndinati eya.
"Nanga simunati kunama ndi tchimo?"
Ndinati ndinatero, ndipo ndi zoona.
Anandiyang'ana ngati akuwerenga mfundo za nzimbe
zomwe zikukana kugawika.

Ndinatsegula pakamwa,
koma yankho lake ndi lalitali zaka makumi asanu,
limadutsa pakhola, pamsika, kumanda.
Ndinangomupatsa kansalu konyowa:
"Dikira pang'ono, amalize kubisala,
kenako ukawapukute agogo ako chibwano."