Nambala Yotsatira Kadontho

Lolemba anandibweretsera timabotolo titatu
ndi kapaketi ka maswiti obiriwira, ofewa ngati chingamu.
Pachikuto panalembedwa kuti n'zololedwa.
Ntchito yanga n'kufunsa makina ngati pepalalo silikunama.

Makina athu sadziwa chibale.
Amang'ung'udza theka la ola
kenako n'kulavula mzere wa timapiri,
lina ngati Ndirande, lina kachulu chabe,
ine n'kuwerenga nambala yotsatira kadontho.
Ikachepa, chimenecho ndi mbewu ya chingwe, sopo ndi mafuta,
mwini wake ali ndi chiphaso m'feremu pakhoma.
Ikapitirira pang'ono, ndi chamba,
ndipo chamba chimayenda ndi unyolo.

Maswiti aja anakhoza mayeso.
Dzina limene fomu yanga imafunsa linali pansi penipeni,
lofatsa ngati mwana wa abusa.
Koma pambali pake panatumphuka phiri lina,
msuweni wake, wophikidwa kwina ndi anthu ovala magolovesi,
nkhope yomweyo, kuseka komweko.
Fomu imaitana mayina ngati mphunzitsi m'mawa,
amene sali m'kaundula amakhala kumbuyo
n'kumasokosa mmene akufunira.

A Kaliwo, alonda athu, anapempha awiri kwa mnyamata wobweretsa,
ati ankamva kukhosi kuuma.
Pofika fili koloko tinawapeza pageti
akuchitira sailuti mtengo wa jakaranda,
akufunsa amene wasuntha phiri la Soche
osawauza.
Tinaseka. Ine ndinaleka msanga.

Loweruka ndimakwera minibasi ya ku Limbe,
n'kutsikira pa Chichiri ndi jumbo ya sopo, shuga ndi bonya.
Mchimwene wanga Disimasi ali m'kati umo chaka chachiwiri.
Anamupeza ku Zingwangwa ndi timipukutu m'sokosi,
ina yosuta, ina yogulitsa, sanakane.
Chake sichinafike pa tebulo langa tsiku lomwelo.
Wapolisi ananunkhiza kamodzi, nati, tiye.

Musaganize kuti ndikumuyeretsa.
Ndinalipo pamene anagulitsa makina osokera a mayi,
ndinamumva usiku akukangana ndi chitseko
mpaka chitseko chinapambana.
Utsi umenewo ndimaudziwa kulemera kwake
kuposa sikelo ya kuntchito.
Chimene chikundisowetsa tulo n'china:
ndikatuluka pageti la ndende, n'kuyenda pang'ono,
ndingathe kukumana ndi msuweni uja m'chikwama cha munthu,
atavala kachikuto konyezimira, ali ndi lisiti,
akupita kuphwando ku Namiwawa pagalimoto yozizira.

Disimasi anandifunsa za ntchito, ndinamuuza.
Anakhala chete, akutembenuza sopo m'manja,
kenako anati,
ndiye kuti ine ndinalakwa sipelo basi?
Woyang'anira anamenya belu ndisanapeze yankho.

Lachiwiri fomu inabwerera pa tebulo langa.
Ili ndi mabokosi awiri okha.
Ndinachonga loyamba, pakuti ndi mmene makina ananenera,
ndipo m'mphepete ndinalemba ndi pensulo:
muli chinanso umu, chimaledzeretsa,
funsani a Kaliwo.
Abwana anawerenga, anavula magalasi,
anati funso limenelo n'la anthu a ku Lilongwe,
ife tiyankhe zimene tafunsidwa.
Anandipatsa labala.

Ndinafufuta, koma ndinali nditalemba modinikiza.
Mukaika pepalalo padzuwa la pawindo
mawu aja akuonekabe ngati chipsera.
Lapita choncho, ndi sitampa ndi dzina langa pansi.

Madzulo ano ndikudikira minibasi pa Ginnery Corner.
Mwana wasukulu wayima pafupi nane, akutsegula kapaketi ndi mano,
ndipo ine, mzimayi wamkulu ndithu,
ndikusuzumira m'manja mwake kuti ndione mtundu.
Ndi ofiira. Ndi a sitolobere wamba.
Akundiyang'ana modabwa, kenako akunditambasulira dzanja:
mutengeko amodzi, anti.