Buku la Msonkho

Zaka khumi ndi zinayi ndakhala m'kanyumba aka
kumapeto kwa mlatho wa pa mtsinje wa Murray,
cholembera kukhutu, sikelo pakhomo,
ndikuwerenga nkhosa za eni.

Kutsidya ndi New South Wales, kuno ndi Victoria.
Madzi ndi amodzi, udzudzu ndi womwewo,
koma Hester Dunleavy akamachoka ku Moama
ndi batala wa mdzukulu wake wa ku Echuca,
ndinkavundukula dengu lake ngati ndagwira mbala.
Iye ankangoti, "Fufuzani mpaka pansi, a Treloar,
mwina ndabisamo ng'ombe."

Akuluakulu anakokanakokana zaka khumi m'mizinda yakutali:
likulu likhale kwa yani,
wamng'ono asamezedwe bwanji ndi wamkulu.
Funso litafika kwa ife, inde kapena ayi,
ndinasankha inde, dzanja lili njenjenje,
podziwa kuti ndikutema nthambi imene ndakhalira.

Ndiye maiko asanu ndi limodzi, ana a nyumba imodzi
amene ankabisirana mchere,
analowa chaka cha 1901 ndi dzina limodzi.
Malipenga analira, ana asukulu anapsa ndi dzuwa pamzere.
Patapita miyezi kalata yanga inabwera:
tsekani buku.

Sikuti zonse zalumikizana ayi.
Njanji yathu ndi yotakata, yawo ndi yopapatiza,
ku Albury apaulendo azidzutsidwabe usiku
kunyamula masutikesi kusintha sitima.
Inki imauma msanga, chitsulo sichimva lamulo.

Ndipo pansi pa mlathowu pali msodzi wa mtundu wa Yorta Yorta
amene makolo ake ankawoloka pano
mtsinjewu usanasanduke malire a wina aliyense.
Lamulo latsopano lati powerenga anthu a dzikoli
iye asawerengedwe.
Ine amene ndawerenga mazira, misomali, mabotolo a vinyo,
ine amene sindinaphonyepo ngakhale mwana wa nkhosa,
dzina lake sindilidziwa.

Lero m'mawa Hester wadutsa osaima.
Atafika pamtengo paja wabwereranso,
waika dengu pasikelo mwachizolowezi,
tonse tangoyang'ana singano ikugwedezeka.
"Zingati?" wafunsa.
Ndati, "Palibe, mayi. Mwafika kwanu."

Ndatseka zenera, kiyi ndaika m'thumba.
Pansipo bwato lija likutsetsereka chakumadzulo,
pakati penipeni pa madzi.