Nadzikambe wa pa Khonde Langa

Ndinamupeza pa msewu wa ku Chinamwali,
pakati pa tala, mwendo umodzi uli m'mwamba,
akulingalirabe ngati awoloke kapena ayi,
akabaza akumuzemba ndi mabelu.
Ine ndi ndodo yanga, iye ndi mchira wopiringa,
tonse ochedwa pa msewu wa othamanga.

Ndinabwera naye m'chipewa.
Asiyatu wa nyumba yoyandikana anaponya ndowa pansi:
"Bambo a Tafatatha, malodza n'kuchita kuwanyamula?
Chikakulumani chimenecho sichisiya mpaka mphambe igunde!"
Anathamangira fodya wa mphuno wa amake
kuti amuthire m'kamwa.
Ndinatchinga pakhomo.
Ndodo ndinaiona pambuyo pake, ili gone pa simenti,
koyamba chitulukireni m'chipatala.

Nyumba yake ndi sefa wa zenera lakale,
nthambi za gwafa, ndi misomali yowongola ndi mwala.
Madzi a m'mbale samwa; izi ndinazidziwa mochedwa,
maso ake atayamba kulowa.
Amafuna dontho lolendewera kunsonga kwa tsamba.
Ndiye m'mamawa, nkhungu isanasanzuke pa phiri,
ndimawaza masamba, kuwaza, kuwazanso,
ndi dzanja lomwe lija adokotala analipukusira mutu.

Ziwala amagwira ndi Tafatatha pochoka kusukulu,
amabwera nazo m'bokosi la machesi, zikukanda.
Lilime lake sindinalionepo bwinobwino.
Ndimangoona chiwala chilipo,
kenako palibe,
iye akutafuna ngati kalaliki wodikira penshoni.

Akapsa mtima amada bii, makala a ku Mpondabwino.
Akagona amayezuka, chimanga chosowa feteleza.
Masana timayenda limodzi:
iye nthambi imodzi, ine kuchoka pa mpando kufika pa mpopi.
Amatambasula mwendo, n'kuubweza, n'kuutambasulanso.
Palibe amatiwerengera nthawi.

Koma maso akewo.
Limodzi limandiyang'ana ine,
linalo silichoka ku mitengo ya kumtunda kwa Mulunguzi.
Ndi linalo limene linkandisowetsa tulo.

Chiperoni chitafika mu Juni anasiya kudya.
Ndinamufunditsa chiguduli usiku, ndinamuotcheretsa dzuwa,
ziwala zinkangomukwera pamsana.
Lachinayi ndinamasula waya wa chitseko,
n'kutsamiritsa nthambi ku mpanda wa maluwa.

Anatenga masiku awiri kuti atuluke.
Tsiku loyamba anangotulutsa mutu.
Sindinamufulumizitse; ndimadziwa kulemera kwa khomo.

Tsopano sefa uja ali pululu.
Tafatatha akuti anamuona mu mtengo wa mapeyala,
ine ndimangoona masamba,
ngakhale tsamba lina limagwedezeka popanda mphepo.
Ndimawazabe madzi m'mawa uliwonse, dzanja lisaiwale.

Dzulo Asiyatu anaima kuseri kwa mpanda,
chiwala chili pakati pa zala, atachitalikitsa ndi thupi.
Sanandipatse moni.
Anangofunsa motsitsa mawu:
"Kodi mnzanu uja ali mbali iti?"