Udzu Wosamva Mankhwala

Chipale chasungunuka dzana.
Orest Hrynkiw wagwada m'munda wake ku Saskatchewan,
bondo lakumanzere likulira ngati chitseko chadzimbiri,
akuwerenga timitu totuwa ta kokiya
tomwe tamera mothithikana ngati ubweya wa mbewa.

Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri,
mankhwala amodzimodzi, chigubu chomwecho,
ndipo udzu unkafa mwaulemu:
kufota Lachiwiri, kuuma pofika Sabata.
Chaka chatha unamwa, nupukuta pakamwa,
nupempha ena.

Atakolola, unathyoka patsinde
nugubuduzika ndi mphepo, ukufesa ana ake
kuchokera kumpanda wa a Friesen mpaka kunjanji.
Mzerewo ukuoneka lero,
ngati wina anakoka thumba lobooka.

Lesia watsamira galimoto, khofi wazirala m'manja.
"Sakanizani mitundu iwiri, bambo.
Poperani udakali wochepa ngati kandalama.
Chigawo chakumpoto chipume kanola,
chaka chino mulowe tirigu."

Sakuyankha. Akuganiza za mbewu ili m'shedi,
timbulumbulu topakidwa utoto wabuluu,
matumba makumi anayi, onse apangongole.

Wazula kamodzi. Muzu watalika kuposa mutu.
Akukayang'ana nthawi yaitali,
monga umayang'anira mwana wa mnansi
amene wakula osakupatsa moni.

"Tinauphunzitsa tokha," akutero,
"chaka ndi chaka, mayeso omwewo.
Wopusa anafa. Watsala ndi uyu."

Atsekwe akudutsa kumwamba, akukangana.
Mphepo ikagona madzulo ano, apopera.
Wadzuka pang'onopang'ono, wasasa mawondo.
"Kanditengere chigubu chachiwiricho.
Ndi magalasi anga. Zilembo zake nzazing'ono."