Ndizimitsa Lolemba

Foni inalira itangokwana thuu koloko,
Tallinn yense atafunda chipale, mbee!
"Triinu, dzuka," anatero Raivo, mlonda wa makina,
"seva yogulitsa matikiti a sitima yapsa mtima.
Pulosesa yafika m'khosi
ndipo sikutsika."
Anagunditsa foni ku kabati yachitsulo kuti ndimve ndekha:
mafani ali wefuwefu
ngati galu wothamangitsa njinga yamoto.

Ndinakhala patebulo la m'khitchini,
sokosi imodzi kuphazi, inzake sindinaipeze.
Ndinayamba ndi kunamizira osalakwa.
Mbava za pa intaneti? Zitseko zonse zinali zokhoma.
Pulogalamu yomwe tinaikamo Lachinayi?
Ndinaivula, ndinaisecha m'matumba monse,
inalibe kanthu.
Makasitomala? Anthu asanu ndi awiri okha,
osowa tulo anzanga,
akufuna kuwoloka kupita ku Helsinki m'mawa.
Anthu asanu ndi awiri sangatopetse njovu.

Khofi anazizira. Ndinamwa choncho.

Cha m'ma folo ndinafunsa funso la mwana:
kodi iwe, ukuwerenga chiyani?
Makina sadziwa kunama.
Anandilozera fayilo imodzi, ya kaundula,
buku lomwe pulogalamu imalembamo zochita zake.
Magigabayiti mazana anayi ndi khumi ndi awiri!
Mphindi iliyonse kapulogalamu kolondera zolakwika
kamatsegula bukulo pa tsamba loyamba,
kuwerenga, kuwerenga,
kasanafike pakati mphindi ina yakwana,
kanzake kayambanso pa tsamba loyamba,
onse kupanikizana pakhomo limodzi.

Ndinasuzumira kumchira kwa fayiloyo.
Mzere umodzimodzi, mamiliyoni:
pulinta ya chipinda chachitatu sikuyankha,
pulinta ya chipinda chachitatu sikuyankha.
Chipinda chachitatucho tinasamukamo kalekale,
pano muli sitolo ya nsapato.
Zaka zitatu makina akuitana wakufa
n'kumalemba kuti sanavomere.

Pang'onopang'ono ndi mtolo, amatero,
koma sanena kuti mtolowo
tsiku lina umathyola khosi.

Wotsegula mpopi ndinam'peza.
Aivar, yemwe anasiya ntchito n'kukaweta njuchi ku Saaremaa,
anauza pulogalamu kuti izinena zonse,
ngakhale kutsokomola kwake,
nasiya kamzere pambali:
"Ndikungoyesa. Ndizimitsa Lolemba."

Ndinaseka mpaka mphaka anathawa pawindo.

Ntchito yeniyeniyo inali yochepa, yochititsa manyazi.
Ndinaimitsa kowerenga kaja.
Ndinadula kumchira masiku asanu ndi awiri, n'kusunga,
zotsalazo ndinazifinya, kuzitumiza kunkhokwe yakutali.
Ndinatseka mpopi wa Aivar.
Ndinalamula kuti pakati pa usiku uliwonse
buku lakale lizitsekedwa, latsopano lizitsegulidwa,
ndipo lopitirira sabata lizichoka pakhomo.
Pulinta ija ndinaifafaniza m'ndandanda wa amoyo.

Nambala inayamba kutsika masitepe:
makumi asanu ndi anayi, makumi asanu, khumi ndi limodzi.
Raivo anagunditsanso foni ku kabati.
Phee.
"Wachita chiyani?"
"Ndaiphunzitsa kuiwala."

Kunja galimoto yokankha chipale inadutsa, nyali zili phethiphethi.
Sitima yoyamba inyamuka sikisi koloko,
okwera sadzadziwa kanthu.
Ndinatseka laputopu, maso anagwera pansi pa tebulo:
katoni ya makalata a bambo anga,
malisiti a magetsi, zitupa za kuchipatala,
yomwe ndinati ndiisanthula maliro akangotha.
Pachivindikiro, ndi dzanja langa lomwe,
ndinalembapo tsiku.