Dongo Silithyoledwa

Zaka khumi ndi zinayi
zala izi zinkadziwa liwu limodzi: thyola.
Masamba awiri ndi kansonga, ponya kumsana,
dengu lilemere kapitawo asanaimbe wezulo.
Lero zandiperekeza kuno ku Chitakale,
kuseri kwa chigayo, m'shedi ya malata obooka,
kumene a Namathanga anapanga gudumu
ndi zitsulo za thalakitala yofera ku esiteti.

"Menya ndi phazi," akutero.
Ndamenya. Chisimenti chapansi chadzuka, chikung'ung'udza.
Dongo ndalikanda m'mawa wonse lija,
la m'mbali mwa Likhubula,
ndaliponya pakati.
Ine ndimati ndi pakati.
Koma taonani, likuvina tchopa,
likundigwedeza zigongono, mapewa, mpaka mano.

"Usalithamangitse, Esinala.
Khazika chigongono pantchafu, lipeze dzanja lili phee."
Akuyankhula akusenda nanazi,
osandiyang'ana n'komwe.

Ndamiza chala chachikulu pamchombo pake,
dzenje latseguka, lozizira,
mtima wati: eya, kapu iyi!
Pomwepo zala zakumbuka ntchito yakale.
Zatsina.
Khoma lang'ambika, lapotoka, lagwera kumbali
ngati chipewa cha munthu tsiku la malipiro.
Matope m'maso, matope pachitenje,
ena akafika pakalendala yampingo,
pa Okutobala penipeni.

Lachiwiri ndalimwetsa madzi ambiri, lakhala phala.
Lachitatu munali kamwala,
kandicheka pachikhatho ulendo uliwonse kakamadutsa.
Lachisanu ndi chimodzi lauluka,
galu wa pachigayo walinunkhiza, wachokapo.

Chiperoni chatsika, phiri lonse labisala,
madontho akulowa pobooka paja,
ndipo ine ndaleka kuwerenga.
Mwendo watopa, ukali watopanso.
Ndatsinzina.
Mumdima umenewo china chake chasiya kulimbana nane,
chikuzungulira, koma ngati chaima,
ngati mutu wa mwana akagona pachifuwa.
Ndakweza zala pang'onopang'ono, osapuma,
chamkati ndi chakunja zikumvana kudzera m'khoma.
Ndatsegula maso:
kabakuli. Kopendama, komabe kabakuli.

A Namathanga apukuta manja, abwera,
atenga waya wa buleki ya njinga,
akadula pansi, akanyamula,
kenako akadula pakati, kuchokera pamwamba.
Zidutswa ziwiri.
Mawu andithera kukhosi.

"Ona. Kuno n'kokhuthala ngati chidendene,
kuno n'kopyapyala ngati tsamba lako lija.
Kakanaphulika m'ng'anjo, n'kupha ndi anzake omwe."
Aponya zonse mundowa ya zolephera
mmene muli dongo la ophunzira ena,
la Felesiya, la mnyamata wa kabaza uja,
mwina ndi lawo lomwe la kalekale.
"Likanyowa tilikandanso Lachinayi."
Andipatsa chidutswa cha nanazi pansonga ya mpeni.
Ndadya, dothi likulira m'mano.

Pobwerera ndadutsa m'minda ya tiyi,
anzanga akale atavala mapepala apulasitiki,
akuti, "Wawa amisiri! Miphika ili kuti?"
Ndawaonetsa zikhadabo.
Aseka, nane ndaseka, theka chabe.

Usiku mwana wanga Dalitso wandigwedeza:
"Amayi, mukundimenya."
Kani phazi likupalasabe m'tulo,
pamphasa, popanda gudumu,
ndipo manja onse awiri ali m'mwamba
atagwira kanthu kozungulira, konyowa,
kamene sindikufuna kukatsina.