Duwa la pa Tsamba 112

Lachisanu lino akutseka kaundula wakale.
Kuno ku Umeå dzuwa lalowa tisanamalize khofi wa masana,
chipale chofewa chakwirira matayala a njinga
zoimikidwa panja pa laibulale,
ndipo Ebbe, mnyamata wa makompyuta uja,
wabwera ndi keke ngati kuli ukwati.
Kwa ine zikufanana ndi tsiku losesa.

Zaka makumi atatu ndi zinayi
ndakhala ndikulongedza mabuku m'timabokosi ta manambala.
100, dzina la mlembi.
245, mutu.
260, mzinda, wosindikiza, chaka.
Zala zanga zimawadziwa
kuposa tsiku lobadwa la mlongo wanga.
Malaibulale mazanamazana, kuyambira kum'mwera mpaka kumpoto kuno,
tonse kutunga pa chitsime chimodzi,
aliyense ndi ndowa yake yodontha mwa mtundu wake.

Ebbe akuti buku silidzagonanso lokha m'bokosi.
Chilichonse chidzakhala ndi adiresi,
munthu, mzinda, ngakhale nkhani ya njuchi,
ndipo pakati pake padzadutsa ulusi.
Uyu analemba ichi.
Ichi chinachokera ku icho.
Mawu atatuatatu, ngati khanda lophunzira kuyankhula.

Ndinaseka.
Kenako anandionetsa Alfhild.

Alfhild Rönnbäck, amene ndinamulemba ine mu 1993,
Alfhild Stenmark, amene wina anamulemba ku Lund,
ndi A. Myrvall wa timabuku ta alimi a njuchi:
anthu atatu m'kaundula mwathu zaka zonsezi,
osapatsana ngakhale moni.
Chonsecho anali mayi mmodzi,
asanakwatiwe, atakwatiwa,
ndi pamene ankabisira mwamuna wake zoti amalemba.
Makina amumanga mfundo imodzi.
Ukakoka dzina lililonse akubwera yense,
ndi ming'oma yake yomwe.

Ndinapita kukatsuka kapu yotsuka kale.

Koma pali mndandanda wa zokanika,
mizere zikwi zisanu ndi ziwiri imene makina alavula,
ndipo wotolera ndine.
Mzere wa 4,018 ndi wanga,
ndauzindikira chifukwa cha kadontho
kamene ndimaiwala kumapeto:
"Muli duwa louma pa tsamba 112, musalichotse"

Duwa si mlembi.
Si chaka, si wosindikiza,
palibe analimasulira kuchokera ku Chijeremani.
Ebbe anakanda ndevu zake zomera mwa apo ndi apo.
Anati, Gunvor, duwali ndi la ndani?
La nkhani imene mlembi anaiganiza,
la mabuku onse amene anatuluka chaka chimenecho,
kapena la buku limodzi logwirika ndi manja?

Ndinatsikira pansi,
ku mashelufu oyenda pa njanji,
kumene magetsi amayaka akamva mapazi.
Ndinapukusa chigudumu, khoma la mabuku linapatuka.
Linali momwemo.
Lofiirira ngati tiyi wogonera,
lopyapyala kuposa pepala limene lalisunga,
kamtengo kake katadinda mthunzi pa mawu awiri.
Amene analiika sindikumudziwa.
Alibe adiresi.
Ulusi wathu wonse uja sungamufike.

Ndinakwera masitepe ndili wefuwefu.
Ndinati: la buku ili,
ili lokhali mwa khumi ndi limodzi a m'dziko muno.
Ebbe analumikiza.
Anafunsa ngati aikepo kadontho kaja.
Ndinati, kasiye.

Mu Meyi ndikupuma pa ntchito.
Manambala aja ndipita nawo kwathu m'zala,
azikagogoda patebulo popanda wowafunsa.
Koma lero ndadya keke ya Ebbe, magawo awiri,
ndaphonya basi ya faifi,
ndipo ndili pa mzere wa 4,019:
wina ku Kiruna, m'chaka chosadziwika,
analemba kuti chikuto chikununkha utsi.